Msodzi, Nyambo ndi Nsomba: Za Kanema Wotchedwa "Plainclothes"

Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena ya Chiuta, kapena pa mtsinje wa Shire pa Liwonde, adziwa nchito ya mbedza. Msodzi atenga nyongolotsi, aikoleka ku mbedza, naiponya m'madzi. Nsomba inali kudziyendera yokha, koma poona nyambo ija imeza, ndipo pomwepo yagwidwa. Palibe amene amdzudzula msodziyo, pakuti nsomba ndi ndiwo. Koma tiyese kuti nsombayo ndi munthu, nyamboyo ndi munthu, ndipo msodziyo ndi Boma. Pamenepo nkhani yasanduka ina. Kanema amene tifuna kumuunika m'masamba ano ali pa nkhani yotere.

Dzina lake ndi "Plainclothes". Mau a Chingerezi amenewa atanthauza wapolisi wosabvala yunifolomu, uja timamutcha tekitivi, amene ayenda pakati pa anthu monga munthu wamba. Wolemba nkhaniyi ndi kuitsogolera pojambula ndi Carmen Emmi wa ku America, ndipo uyu ndi kanema wake woyamba wamtali. Anaonetsedwa koyamba m'mwezi wa January 2025 pa chionetsero cha makanema cha Sundance, m'chigawo cha Utah, kumene osewera ake onse pamodzi analandira mphoto yapadera. Ku Sundance kumapita makanema a anthu odziimira paokha, ndiye kuti opangidwa ndi ndalama zochepa, kunja kwa makampani akuluakulu a ku Hollywood. Kampani yaikulu iopa kutaya ndalama, chifukwa chake isankha nkhani zokondweretsa khamu. Munthu wodziimira payekha alibe chuma chambiri choti ataye, kotero akhoza kugwira nkhani imene ena aiopa.

Tinene poyera kuti uyu si kanema wa mtundu umene anyamata a nyumba za vidiyo pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Balaka amaufuna. Mulibe magalimoto othamangitsana, mulibe asilikali oomberana mfuti. Ndiponso nkhani yake ndi ya amuna okonda amuna anzao, imene ambiri a ife sitiikamba pa bwalo. Ku Machinga Asilamu ndi ochuluka, ku Balaka mipingo ya Chikhristu iri ndi mphamvu, ndipo m'mwezi wa July 2023 atsogoleri a zipembedzo zonse ziwiri anayenda pamodzi m'miseu ya Blantyre kukana maukwati otere. Wolemba tsamba lino sapempha wowerenga kuti asiye chimene aphunzitsidwa ku mzikiti kapena ku tchalitchi. Funso limene kanemayu afunsa ndi lina: kodi nkoyenera kuti wapolisi autse yekha mlandu, kenaka nkumanga munthu chifukwa cha mlandu umene iye mwini wautsa?

Nkhani yake

Nkhaniyi ichitikira mu mzinda wa Syracuse, m'chigawo cha New York, m'chaka cha 1997. Lucas, amene mbali yake asewera Tom Blyth, ndi wapolisi wachinyamata wa nkhope yokongola. Chifukwa cha nkhopeyo akulu ake ampatsa nchito ya kukhala nyambo. Akhala pa mpando m'nyumba yaikulu ya masitolo, nayang'ana amuna odutsa. Wina akambwezera maso, Lucas anyamuka, nalowa m'chimbudzi cha amuna, ndipo munthu uja amtsatira. Akangodzibvula, Lucas atuluka, napereka chizindikiro kwa mnzake wodikira panja, amene adzamanga munthuyo. Pa nchitoyi pali malamulo. Lucas sayenera kulankhula, ndiponso sayenera kulowa m'kachipinda pamodzi ndi munthuyo, kuti pa bwalo la milandu pasaoneke kuti wapolisi ndiye anamnyengerera.

Chimene akulu ake sachidziwa ndi chakuti Lucas naye ali ndi mtima womwewo umene ali nao anthu amene awakola. Tsiku lina akomana ndi Andrew, bambo wachikulire pang'ono, wofatsa, amene mbali yake asewera Russell Tovey. Lucas aswa lamulo, amleka munthuyo apite, natsala ndi nambala yake ya telefoni. Pokomananso Lucas abisa dzina lake, nadzitcha Gus, limene ndi dzina la bambo wake. Andrew naye ali ndi malamulo ake: sanena za kwao, ndipo safuna chibwenzi chokhalitsa. Koma Lucas, amene aka nkoyamba kukondedwa motere, alephera kupirira. Amfunafuna ndi nzeru zake za upolisi, napeza kuti Andrew ndi mbusa wa mpingo, mwini banja, wa mkazi ndi ana.

Zonsezi sitiziona motsatana. Nkhani iyenda cham'tsogolo ndi cham'mbuyo, ibwerera kawirikawiri ku phwando la usiku wolowa chaka chatsopano m'nyumba ya mai wake a Lucas, bambo wake atamwalira kale. Lucas wataya kalata yochokera kwa Andrew, ndipo pa kalatayo palembedwa dzina la Gus. Ikagwa m'manja mwa abale, iwo adzayesa kuti chinsinsicho chinali cha malemu. Tsono Lucas ayenera kusankha: kuleka bambo wake wakufa asenze katundu amene si wake, kapena kutsegula pakamwa.

Zimene zapangidwa bwino

Pa dzina ili la Gus ndi pamene Emmi waonetsa luso lake lalikulu. Bodza laling'ono, lonenedwa mwamantha m'kamphindi, likula kufikira lidetsa manda. Ife a kuno tidziwa kulemera kwa dzina la wakufa. Munthu akhoza kupirira kunyozedwa yekha, koma kuti mai wamasiye akhale masiku ake otsala akuganiza kuti mwamuna wake anamnyenga moyo wonse, icho mwana wa mtima wabwino sangachilole. Chifukwa chake chimene chimkakamiza Lucas kulankhula si chikondi cha Andrew ai, koma chikondi cha makolo ake. Apa kanemayu aleka kukhala wa Amereka okha. Mwana aliyense amene anabisirapo makolo kanthu adzamva kugunda kwa mtima wa mnyamatayu.

Chachiwiri ndi maso. Popeza lamulo limletsa Lucas kulankhula, nchito yonse ya nyambo aichita ndi maso, ndipo kamera itsata masowo moleza mtima. Tiona m'mene kuyang'ana kumodzi kuitanira, m'mene kubvomerera, m'mene kulonjezera. Woonera akatha kuona zimenezi sangakhulupirirenso kuti wapolisiyo sananene kanthu. Ananena zonse, kungoti lilime silinagwedezeke. Kanemayu salalikira pa mfundo iyi, palibe loya woimirira kutiphunzitsa. Angotionetsa, ndipo chiweruzo chibadwa chokha mwa ife. Tom Blyth asewera bwino munthu amene thupi lake liri pa nchito pamene mzimu wake uli kuthawa. Aoneka monga wodwala malungo amene ayesa kubisa kunjenjemera.

Komabe kwa ine wosewera wopambana ndi Russell Tovey. Andrew ndi munthu amene wazolowera kubisala zaka zambiri, kufikira kubisalako kwasanduka khalidwe lake. Ndi wachifundo, koma chifundo chake chiri ndi mpanda. Adziwa kukonda kwa madzulo amodzi ndi kutseka chitseko m'mawa. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo Andrew wakhala nthawi yaitali pakati pa mapangawo kotero kuti sazindikiranso kuti wanyowa. Tovey sapfuula, salira mokweza. Atsitsa mau pang'ono, achotsa maso, ndipo ife tidziwa kuti mnyamata uja wakanidwa. Lucas pomuyang'ana aona chimene iye mwini adzakhala zikapita zaka makumi awiri ngati asunga chinsinsi chake.

Pali kanthu kenanso ka mmisiri koyenera kukafotokoza. Chithunzi cha kanemayu nchopapatiza, sichitambalala monga makanema a masiku ano, kotero anthu aoneka ngati otsekeredwa m'bokosi. Ndiponso pakati pa zithunzi zoyera Emmi walowetsa zina za mchenga-mchenga, zojambulidwa ndi kamera ya tepi yotchedwa Hi8, imene mabanja anali kugwiritsa nchito m'zaka zimenezo. Zithunzi zimenezi zibwera pamene Lucas wagwidwa ndi mantha kapena akumbukira ubwana wake. Zifanana ndi zithunzi za kamera ya mlonda. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene nchito yake ndi kuzonda anzake adzimva kuti naye ali kuzondedwa, ngakhale ali yekha m'chipinda.

Zimene zaperewera

Mankhwala abwino akachuluka apweteka. Zithunzi za mchenga zija zibwera kawirikawiri koposa muyeso, zidumphadumpha, ndipo nthawi zina zitchinga nkhope ya wosewera pamene nkhopeyo ikadanena zambiri payokha. Emmi achita ngati wophika watsopano amene sakhulupirira kuti ndiwo zake zakoma, nangoonjezera mchere. Munthu wosazolowera makanema adzabvutikanso kudziwa ngati ali pa phwando lija kapena miyezi ya m'mbuyo. Malume ake a Lucas, amene anyoza mokweza pa phwandolo, ajambulidwa woipa mbali zonse, ndipo munthu woipa mbali zonse satiphunzitsa kanthu, pakuti palibe woonera amene adzadziona mwa iye.

Koma cholakwa chachikulu nchina. Kanemayu amvera chisoni nyambo koposa nsomba. Amuna aja ogwidwa tiwaona kanthawi kochepa, ndipo nkhani ibwerera msanga kwa Lucas ndi kusauka kwa mtima wake. Nanga iwo anapita kuti? Anauza chiani akazi ao usiku umenewo? Nchito zao zinatsala? Amene anataya zambiri ndi iwo, koma misozi yathu yapemphedwa kwa amene anawatchera msampha. Chimodzimodzi mkazi wa Andrew: ali ngati chithunzi cha pa khoma. Mkazi wokwatiwa ndi mwamuna amene mtima wake uli kwina naye wakodwa mu msampha umene sanautchere, ndipo akadayenera kupatsidwa mau. Mai aliyense wowerenga tsamba lino adzafunsa za iye poyamba.

Kumbuyo kwa nkhaniyi

Emmi sanapeke msampha umenewu m'mutu mwake. M'chaka cha 1962 apolisi a mu mzinda wa Mansfield, m'chigawo cha Ohio, anabisa kamera kuseri kwa galasi m'chimbudzi cha anthu onse, najambula amuna mobisa, ndipo zithunzizo zinatumiza anthu ku ndende. Tidziwenso kuti m'chigawo cha New York bwalo lalikulu linathetsa kale m'chaka cha 1980 lamulo loletsa akulu awiri ogwirizana kugonana mseri. Tsono amuna a mu kanemayu samangidwa chifukwa cha chimene ali, koma pa mlandu wa kudzibvula pa malo a anthu onse. Ndipo amene anawaitanira pa malowo ndi wapolisi. Ganizani za wapolisi wa pa msika amene adikira mbala kuti ipise m'thumba la munthu: ameneyo ateteza anthu. Ganizaninso za wina amene aika yekha chikwama poyera, nakodola wodutsa kuti atole, kenaka namgwira dzanja. Woyambayo apeza mlandu, wachiwiriyo aupanga.

Angerezi anakamba nkhani yofanana ndi iyi kale. M'chaka cha 1961 kunatuluka kanema wotchedwa "Victim", wotsogoleredwa ndi Basil Dearden, m'mene Dirk Bogarde asewera loya wa ku London, mwini banja, amene alimbana ndi gulu loopseza amuna otere kuti lidzawaulula akapanda kupereka ndalama. Mfundo yake inali yakuti lamulo lolanga chinthu chochitika mseri lisanduka munda wa anthu olanda. M'chaka cha 1967 nyumba ya malamulo ya ku Britain inasintha lamulolo m'dziko la England ndi Wales. Ndikayika makanema awiriwa pa sikelo, "Victim" alemera pa kuonetsa anthu ambiri obvutika, wometa tsitsi, wogulitsa magalimoto, wosewera zisudzo. "Plainclothes" alemera pa kulowa m'kati mwa mtima wa munthu mmodzi.

Nanga kwathu kuno?

Lamulo limene Angerezi analisiya kwao liripobe kwathu. Buku la milandu ndi zilango limene anatilembera linayamba kugwira nchito mu Nyasaland m'chaka cha 1930. Ndime 153 ipereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndime 156 zaka zisanu, ndipo m'chaka cha 2011 panaonjezedwa ndime 137A yokhudza akazi. Pa 28 June 2024 oweruza atatu a bwalo loona za malamulo akulu a dziko, atakhala ku Blantyre, anakana kuchotsa ndimezi, nati nchito yosintha malamulo ndi ya aphungu. Umodzi mwa milandu imene inafikitsa nkhaniyi kumeneko unachokera ku Mangochi, kwa anansi athu. Koma amene akwera sitima pa Liwonde natsika pa Nayuchi, akangooloka malire alowa m'dziko la Mozambique, limene linachotsa mlandu wotere m'malamulo ake m'chaka cha 2015. Anthu a tsidya ilo ndi a tsidya lino ndi amodzi, ena ndi pachibale, alankhula Chiyao ndi Chilomwe chomwecho.

Mlandu wodziwika koposa ndi wa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre kumapeto kwa December 2009. Nyuzipepala itafalitsa nkhaniyo anamangidwa, ndipo m'mwezi wa May 2010 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14. Pa 29 May chaka chomwecho Bingu wa Mutharika, amene anali Prezidenti nthawiyo, anawakhululukira atakomana ndi Ban Ki-moon wa bungwe la United Nations. Sara Blecher wa ku South Africa anapanga kanema wa zoona pa nkhaniyi, wotchedwa "Two Men and a Wedding", ndiye kuti amuna awiri ndi ukwati. Dzinalo lokha liri ndi bvuto, pakuti Tiwonge adziyesa mkazi, ndipo anthu anali kumutcha Aunt Tiwo. Awiriwa sanabisale, ndipo panalibe nyambo. Mwa ichi nkhani yao isiyana ndi ya Lucas. Imene iyandikira ndi ija inalembedwa m'chaka cha 2018 ndi bungwe la Human Rights Watch, litacheza ndi anthu otere ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Iwo anasimba za kumenyedwa, za kumangidwa popanda chifukwa chomveka, ndi za kuopa kukadandaula ku polisi, pakuti wodandaulayo akhoza kusanduka wamlandu. Munthu amene sangathe kukadandaula ndi chakudya cha wolanda aliyense, monga momwe "Victim" anaonetsera zaka zoposa makumi asanu m'mbuyomo.

Mwa opanga makanema athu, amene analimba mtima kukhudza nkhaniyi ndi Shemu Joyah, naye munthu wodziimira payekha, amene nchito yake yophunzira ndi yoyeza malo. Kanema wake "The Last Fishing Boat" wa m'chaka cha 2012 asimba za msodzi wa pa nyanja ya Malawi amene nsomba zamthera, pamene mahotela a alendo ali kukula momzungulira. Mwana wake, amene iye anafuna kuti adzatenge bwato, wasanduka woperekeza alendo, ndipo mphekesera zamveka kuti agona ndi alendo aakazi ndi aamuna omwe chifukwa cha ndalama. Joyah ayenera kuyamikidwa, pakuti anajambula zimenezi patangopita zaka ziwiri chichitikire mlandu wa ku Blantyre uja, mitima ikadali yotentha. Anazindikiranso chinthu chimene Emmi sakadachidziwa: kuti m'mudzi simufunika galasi kapena kamera yobisika. Mphekesera ya pa dooko ndi pa chitsime igwira nchito yonse ya tekitivi, ndipo silandira malipiro.

Komatu pomangirira nkhaniyi ku ndalama za alendo, kanema wa Joyah asiya khomo lotseguka kwa amene afuna kunena kuti zonsezi zinabwera ndi azungu ndi umphawi. Woonera akhoza kutuluka ali wokhutira kuti nsomba zikadapanda kutha, mnyamatayo akadakhala monga anzake. "Plainclothes" salola kuthawa kotero. Lucas sagulidwa ndi munthu, alibe njala, palibe mlendo amene anamphunzitsa. Ndi mwana wa m'nyumba ya anthu wamba, wokonda mai wake, wogwira nchito ya Boma. Andrew ndi mbusa. Onse awiri ndi anthu a m'kati mwa mudzi, a pa mpando wa kutsogolo.

Kujambula munthu wotere m'Chichewa kapena m'Chiyao ndi nchito yobvuta koposa imene Emmi anali nayo. Kamera si bvuto, pakuti lero anyamata ajambula masewero ndi foni za m'manja. Bvuto ndi wosewera. Tom Blyth atatha kusewera Lucas analandira mphoto pamodzi ndi osewera anzake. Mnyamata wa kwathu amene angabvomere mbali imeneyo adzayenera kupita m'mawa mwake kukagula matemba pa msika wa Liwonde, pakati pa anthu amene anamuona usiku pa vidiyo, ndipo ena mwa iwo adzamuitana ndi dzina la m'sewero lija pamaso pa apongozi ake.